Nyenyezi siziima: momwe kompyuta imayendetsera telesikopu, ndi zimene zimasintha mukakhala ku Mzuzu

Chithunzi chija chimazungulira m'magulu a WhatsApp, cha mtambo wofiirira wodzaza nyenyezi, pansi pake atalemba kuti anajambula munthu wamba ali kuseri kwa nyumba yake, chimautsa mkangano womwewomwewo nthawi zonse. Ena amati n'chabodza, achipanga pa kompyuta. Ena amati n'choona, bola ukhale ndi ndalama yogulira telesikopu yaikulu. Ndiye pamabwera wachitatu amene anayesadi: anabwereka kamera, anaiimika pa miyendo yake itatu ku Chibavi usiku wopanda mitambo, anaitsegula kwa mphindi ziwiri, ndipo m'malo mwa nyenyezi anapeza timizere tokhatokha ngati mpunga wotayikira pa mkeka. Onse atatuwa maso awo ali pa galasi ndi kamera, pamene gawo lalikulu la nkhaniyi lili m'munsi, pa chitsulo chimene chimanyamula telesikopu. Eni ntchitoyi amachitcha mount. Mawu ngati polar alignment, GoTo, guiding ndi plate solving, amene amasokoneza munthu akangoyamba kuwerenga za kujambula thambo, onse amakamba za chitsulo chimenechi ndi kompyuta imene imachiyendetsa.

Chifukwa chake nyenyezi zimathawa kamera

Dziko lathuli limazungulira kamodzi pa maola 23, mphindi 56 ndi masekondi 4. Maola 24 amene tinawazolowera ndi a dzuwa: popeza dziko likuyendanso mozungulira dzuwalo, pamafunika mphindi zinayi zoonjezera kuti dzuwa libwerere pamene linali dzulo. N'chifukwa chake Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana za m'gulu la Orion, amatuluka mofulumirako ndi mphindi pafupifupi 4 usiku uliwonse, ndipo mwezi ukamatha amakhala atatsogola ndi maola awiri.

Ife takwera dziko lozunguliralo, choncho timaona ngati thambo ndi limene likuyenda, kuchokera kum'mawa kulowera kumadzulo, madigiri 15 pa ola. Digiri amaigawa m'zigawo 60 zotchedwa arcminute, ndipo arcminute amaigawanso m'zigawo 60 zotchedwa arcsecond. Mwezi wathunthu ndi pafupifupi ma arcminute 30. Arcsecond imodzi ndi kukula kwa chitsekerero cha botolo la zakumwa mukachiyang'ana chili makilomita 6 kutali. Nyenyezi za m'katikati mwa thambo zimayenda ma arcsecond 15 pa sekondi, kutanthauza kuti pa mphindi ziwiri zokha zadutsa mtunda wofanana ndi kukula kwa mwezi. Tengani katelesikopu kakang'ono ka focal length (mtunda wochokera pa galasi kufika pamene chithunzi chimapangika) ya mamilimita 400 ndi kamera wamba ya masiku ano: kadontho kalikonse ka chithunzi, ka pixel, kamaona thambo la ma arcsecond pafupifupi 2. Nyenyezi imadumpha timadontho 7 kapena 8 pa sekondi imodzi. Mpunga uja wa ku Chibavi unachokera pamenepa.

Wina anganene kuti ingojambulani mofulumira. Kwa mwezi zimatheka, chifukwa umawala kwambiri. Koma mitambo ya mpweya ndi milalang'amba yakutali kuwala kwake kumafika pang'onopang'ono ngati kamvula kowaza ka mu June kuno: ndowa imadzaza ndithu, koma pokhapokha ikhale pamalo amodzi nthawi yaitali. Henry Draper atajambula mtambo wa Orion koyamba mu 1880 anatsegula kamera kwa mphindi pafupifupi 50. Mu 1882 David Gill, ku Cape Town, anamangirira kamera wamba ku telesikopu yotsata thambo kuti ajambule nyenyezi ya mchira imene inaoneka chaka chimenecho, ndipo anadabwa kuona unyinji wa nyenyezi zimene zinatuluka kumbuyo kwake. Chimene chinathandiza sichinali kamerayo, koma chimene anaimangirirapo.

Mitundu iwiri ya mount

Mtundu woyamba umayenda monga limayendera khosi la munthu: kumanja kapena kumanzere, m'mwamba kapena pansi. Umatchedwa alt-az. Ndi wosavuta kupanga komanso kuimika, koma kuti utsate nyenyezi uyenera kuyendetsa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, pa liwiro losinthasintha. Ulinso ndi vuto lina lobisika. Yang'anani Akamwiniatsatana akamatuluka kum'mawa, kenaka muwayang'anenso akamalowa: nyenyezi imene inali pamwamba ndi imene imakhala pansi. Thambo latembenuka, koma kamera ya pa alt-az yakhala chiimire. Nyenyezi ya pakati pa chithunzi imaoneka bwino, za m'mbali zimajambula timizere tokhota. Vutoli limakula munthu akamayandikira equator, choncho ife tili nalo lalikulu kuposa a ku London. Limachepa mukaloza kum'mawa kapena kumadzulo kwenikweni, ndipo limanyanya pafupi ndi paliwombo, komwe mtambo wa Orion umadutsa kuno.

Mtundu wachiwiri ndi equatorial. Nzeru yake ndi imodzi: pendeketsani ekiselo imodzi mpaka ilingane ndi ekiselo imene dziko limazungulirapo, kenaka muizungulitse mobwerera, pa liwiro lomwelo la dziko. Mota imodzi, liwiro limodzi, ndipo chithunzi sichitembenuka. Ekiselo imeneyi amaitcha RA, inzake yopingasa amaitcha Dec. Kapangidwe kamene anthu ambiri amagula lero, kokhala ndi telesikopu mbali imodzi ndi zitsulo zolemera mbali inayo ngati sikelo ya ogula fodya, kanatchuka ndi Joseph von Fraunhofer, amene mu 1824 anamaliza telesikopu ya ku Dorpat, mzinda umene lero ndi Tartu ku Estonia. Inkayendetsedwa ndi makina onga a wotchi, okokedwa ndi zolemera.

Chodabwitsa n'chakuti matelesikopu akuluakulu anabwerera ku alt-az kompyuta itabwera. BTA-6 ya ku mapiri a Caucasus, ya galasi la mamita 6, inayamba kuona thambo mu 1975 ili pa alt-az yoyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo matelesikopu aakulu ambiri omangidwa pambuyo pake anatsata njira imeneyo, ali ndi mota ina yotembenuza kamera. Timatelesikopu tating'ono toyendetsedwa pa foni, monga Seestar S50 ya kampani ya ZWO imene inatuluka mu 2023, timazemba vutoli mwa njira ina: timajambula zithunzi zambirimbiri za masekondi 10 kapena kuposerapo pang'ono, pulogalamu n'kuzitembenuza ndi kuzisanjikiza.

Mchombo wa thambo, ndi pamene uli mukaima ku Mzuzu

Ekiselo ya dziko mutaitalikitsa mbali zonse ziwiri ingabaye thambo pa malo awiri, kumpoto ndi kum'mwera. Mabuku amati celestial pole. Ine ndimakonda kuti mchombo wa thambo, chifukwa nyenyezi zonse zimazungulira pamenepo monga masipoko azungulirira habu ya njinga. Kulozetsa ekiselo ya RA pa mchombo umenewu ndi kumene kumatchedwa polar alignment.

Lamulo lake n'lophweka: mchombo umakwera pamwamba pa malekezero a thambo molingana ndi latitude ya pamene muli. Mzuzu uli pa madigiri pafupifupi 11 ndi theka kum'mwera kwa equator, ndiye mchombo wathu uli kum'mwera, madigiri 11 ndi theka kuchokera pansi. Ku Karonga ndi pafupifupi 10, ku Lilongwe 14, ku Blantyre pafupifupi 16. Makilomita 111 aliwonse olowera kum'mwera amaukweza ndi digiri imodzi. Tambasulani mkono, mufumbate chibakera: chimaphimba madigiri pafupifupi 10. Mchombo wathu uli chibakera chimodzi ndi chala chimodzi pamwamba pa nthaka. Mtengo wa bulugamu wa mamita 10 umene uli mamita 40 kuchokera pamene mwaima waubisa kale. M'tauni ya zitunda, mipanda ndi mitengo ngati ino, makomo ambiri sauona n'komwe.

Apa m'pamene mabuku amene amabwera ndi ma mount amatisocheretsa. Ambiri analembedwa poganizira ogula a ku Ulaya, America ndi Japan, ndipo amayamba ndi mawu akuti pezani Polaris. Polaris ndi nyenyezi yowala bwino imene ili pafupi kwambiri ndi mchombo wa kumpoto, osafika digiri imodzi. Kwa ife ili pansi pa nthaka, madigiri oposa 10, ndipo siidzatuluka ngakhale mutachezera usiku wonse. Mchombo wa kum'mwera ulibe nyenyezi yowala. Imene ilipo ndi Sigma Octantis, digiri imodzi ndi pang'ono kuchokera pa mchombo, yofooka moti maso amaiona movutikira ngakhale kumalo a mdima wandiweyani. Gulu la nyenyezi limene ilimo analitcha dzina ndi Nicolas-Louis de Lacaille, amene anayeza thambo la kum'mwera ali ku Cape mu 1751 ndi 1752. Ku Sydney kapena ku Cape Town nyenyeziyi imakhala madigiri 34 m'mwamba ndipo anthu amaipeza ndi kagalasi ka m'kati mwa mount. Kuno ili pansi, m'mpweya wochindikala, momwe mumakhala nkhungu nyengo yozizira ndi utsi wa moto wa m'tchire kuyambira August mpaka October.

Njira yakale yoyerekezera ndi Mtanda wa Kum'mwera, umene umaima chilili madzulo a May ndi June. Tsatani mzere wake wautali kuchokera kumutu kulowera kuphazi, muutalikitse kanayi ndi theka, mwafika pafupi ndi mchombo. Kampasi ya pa foni imathandiza, koma kum'mwera kwa maginito n'kosiyana pang'ono ndi kum'mwera kwenikweni, ndipo chitsulo cha mount chimaisokoneza mukaiyandikitsa. Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi ya masana: pachikani chingwe chokhala ndi mwala, ndipo pa nthawi imene dzuwa lili pamwamba penipeni lembani mzere pa simenti motsata chithunzithunzi cha chingwecho. Nthawiyo si 12 koloko. Wotchi ya Malawi imatsata longitude ya madigiri 30, pamene Mzuzu uli pa 34, choncho dzuwa limafika pakati mphindi pafupifupi 16 isanakwane 12, ndipo zimasinthanso ndi mphindi zingapo malinga ndi mwezi. Mapulogalamu ngati Stellarium amapereka nthawi yeniyeni ya tsikulo. Chitani zimenezi mu June kapena July, dzuwa lili kumpoto. Chakumapeto kwa October ndi pakati pa February dzuwa limadutsa paliwombo pathu ndipo chithunzithunzi chimasowa.

Pali vuto linanso la chitsulo chenichenicho. Mount ikagonekedwa pa madigiri 11, ndodo ya zolemera ija imatsika pafupi ndi miyendo, ndipo pa ma mount ena zolemerazo zimagunda mwendo wa kutsogolo. Ena amagula chitsulo chotalikitsa pakati pa miyendo ndi mount, ena amatembenuza mount kuti ndodoyo igwere pakati pa miyendo iwiri, ena amamanga chipilala cha simenti. Musanaitanitse mount kuchokera kunja, funsani kaye kuti imatsika mpaka madigiri angati.

Liwu limodzi, ntchito ziwiri

Chisokonezo chachikulu chimachokera pa liwu loti alignment, chifukwa limanena zinthu ziwiri zosiyana. Mount za GoTo, zimene zinafala Meade itatulutsa LX200 mu 1992, zimakhala ndi karimoti kokhala ndi mndandanda wa nyenyezi. Mukaiyatsa imakupemphani kuti muilozetse pa nyenyezi ziwiri kapena zitatu zowala, monga Canopus, Achernar kapena Alpha Centauri. Ikatero imalemba kuti alignment yatheka, ndipo mukaiuza kuti pita ku Omega Centauri imapitadi. Munthu amasangalala n'kuyamba kujambula, koma nyenyezi zimatulukabe zazitali.

Chimene chachitika n'chakuti mount yangophunzira kuloza. Yadziwa pamene ili ndi mmene yapendekera, ndipo ikuwerengera zimenezo popita pa nyenyezi. Ekiselo yake ikadali pamene munaisiya. Zili ngati dalaiva amene wadziwa kuti galimoto yake imakokera kumanzere: ku Ekwendeni afika, chifukwa njira akuidziwa, koma akangosiya chiwongolero galimoto ilowa m'ngalande. Star alignment imakonza mapu a m'mutu mwa kompyuta. Polar alignment imasuntha chitsulo, ndipo imachitika ndi manja, pa mabawuti awiri okweza ndi kutsitsa ndi awiri ena okankhira kumanja ndi kumanzere. Pa ma mount ambiri mabawuti amenewa alibe mota, choncho kompyuta imangokuuzani kuti mwaphonya motani, koma kupotokola n'kwanu.

Kuphonyako kuli ndi mtengo wake wowerengeka. Mukaphonya mchombo ndi ma arcminute 10, nyenyezi ingasunthe mpaka ma arcsecond awiri ndi theka pa mphindi. Pa chithunzi cha mphindi zisanu ndi katelesikopu ka mamilimita 400 kaja, amenewo ndi timadontho 6 kapena 7.

Kupeza mchombo osauona

Njira yakale kwambiri imatchedwa drift alignment, ndipo ubwino wake kwa ife ndi wakuti siifuna kuona kum'mwera. Mumasankha nyenyezi ya m'katikati mwa thambo imene yatsala pang'ono kufika pamwamba, n'kuona ngati ikutsetsereka kumpoto kapena kum'mwera. Kumeneko kumaulula kuphonya kwa kumanja ndi kumanzere. Kenaka mumasankha ina ya m'munsi kum'mawa kapena kumadzulo, imene imaulula kuphonya kwa m'mwamba ndi pansi. Potokolani, dikirani, onaninso. Imadya nthawi, koma siinama.

Njira yatsopano imadalira plate solving. Kamera imajambula kachigawo kalikonse ka thambo, pulogalamu imayeza mmene nyenyezi zakhalirana, timagulu ta zinayizinayi, n'kufufuza m'kaundula wake mpaka ipeze malo okhawo amene nyenyezi zinakhala choncho. Zili ngati munthu wozolowera msewu wa M1 amene wadzidzimuka m'basi usiku, n'kungoona mitengo ya paini ndi kakhotedwe ka msewu, nkunena kuti tili ku Chikangawa. Astrometry.net, ya Dustin Lang, David Hogg ndi anzawo, inasonyeza kuti zimatheka ngakhale osaiuza n'komwe mbali imene kamera inaloza. ASTAP, ya Han Kleijn, imachita zimenezi pa laputopu wamba m'masekondi ochepa popanda intaneti, bola mutakopera kaundula wake pasadakhale. Kaundulayo amachokera ku setilaiti ya Gaia, imene inaponyedwa mu 2013 ndipo yayeza nyenyezi zoposa biliyoni imodzi ndi theka.

Pofuna kupeza mchombo, pulogalamu imajambula chithunzi, imazungulitsa ekiselo ya RA pang'ono, imajambulanso, imazungulitsanso, n'kujambula kachitatu. Malo atatuwo amakhala pa mzere wozungulira, ndipo pakati pa mzerewo m'pamene ekiselo yanu yaloza. Ikatero imakuonetsani manambala awiri, inu n'kumapotokola mabawuti mpaka atsike. Zida zina, monga PoleMaster ndi njira yodziwika ya SharpCap, zimafuna kuona thambo la pafupi ndi mchombo, choncho kuno zimagwira ntchito pokhapokha kum'mwera kuli poyera. Njira ya malo atatu imene ili m'mapulogalamu a NINA ndi Ekos komanso m'kabokosi ka ASIAIR imalola kuloza mbali ina ya thambo. Kwa munthu wa ku Katawa amene kum'mwera kwake kuli mpanda ndi mitengo ya mapeyala, kusiyana kumeneku ndi kumene kumagamula ngati ajambula kapena ai.

Chilankhulo cha pakati pa kompyuta ndi mount

Kale kampani iliyonse inali ndi chilankhulo chake, ndipo wolemba pulogalamu ankayenera kuphunzira zonse. Mu msika wa Mzuzu mumakumana Mtumbuka, Mtonga, Mnkhonde ndi Myao, ndipo malonda amayenda chifukwa pali chilankhulo chimene onse amamvana. ASCOM, imene Bob Denny anaiyambitsa mu 1998, inachita zomwezo pa Windows: chida chilichonse chimakhala ndi kapulogalamu komasulira, kotchedwa driver, ndipo mapulogalamu onse amalankhula ndi komasulirako. INDI, ya Elwood Downey, inabwera mu 2003 ndipo imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa Linux ndi Mac, limodzi ndi mapulogalamu a KStars ndi Ekos; inapangidwa kuti idutse pa netiweki, n'chifukwa chake anthu amamangirira kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi pa mount n'kumayendetsa zonse ali m'nyumba atafunda bulangete. ASCOM nayo inaonjezera njira ya pa netiweki yotchedwa Alpaca. Eni ma mount a Sky-Watcher ambiri amachotsa karimoti n'kulumikiza chingwe molunjika ku kompyuta kudzera mu pulogalamu ya EQMOD. ASIAIR ndi kabokosi kochita zonsezi pa foni mosavuta, koma kamangolandira makamera a kampani yake ndi ena ochepa.

Womasulira akhale wabwino chotani, mukamuuza zabodza amasulira zabodza. Kompyuta imafuna malo ndi nthawi. Latitude yathu ndi ya kum'mwera, imalembedwa ndi S kapena ndi chizindikiro chochotsera. Usiku wanga woyamba ndinasiya N, ndipo mount inazungulira chobwerera. Nyenyezi zinathawa kawiri liwiro lake ndipo ndinatha ola lathunthu ndikukaikira chingwe chosalakwa. Longitude ndi 34 kum'mawa, koma chilankhulo chakale cha Meade chimawerenga kulowera kumadzulo, moti pa zida zina kum'mawa ndi kumene kumatenga chizindikiro chochotsera. Nthawi yathu ili maola awiri kutsogolo kwa UTC, nthawi imene dziko lonse limayerekezerapo, chaka chonse, ndipo funso la daylight saving, kusuntha wotchi malinga ndi nyengo, yankho lake ndi ai. Kulakwitsa ola limodzi ndi kuphonya madigiri 15. Palinso J2000, malo a nyenyezi a chaka cha 2000, ndi JNow, malo a lero: ekiselo ya dziko imapendama pang'onopang'ono ngati nguli, kuzungulira kamodzi pa zaka pafupifupi 26,000, choncho manambala a malo a nyenyezi a chaka cha 2000 asiyana ndi a lero ndi ma arcminute pafupifupi 20. Mapulogalamu awiri akapanda kugwirizana pa zimenezi, chinthu chimene mukufuna chimakhala m'mphepete mwa chithunzi nthawi zonse.

Kondakitala wa mount

Ngakhale mchombo mwaupeza ndendende, magiya si angwiro. M'kati mwa ma mount ambiri muli giya yonga bawuti imene imakankha wilo ya mano. Pa mount ya EQ6 wiloyo ili ndi mano 180, ndiye giyayo imazungulira kamodzi pa masekondi pafupifupi 479. Pa HEQ5 mano ndi 135 ndipo nthawiyo ndi masekondi 638. Kupindika kulikonse kwa giyayo kumabwerera pa nthawi yomweyo, monga rimu yopindika ya njinga ya kabaza imene imakhuza buleki pamalo amodzimodzi. Amati periodic error. Palinso backlash, kampata ka pakati pa mano kamene kamachititsa mota kuzungulira pachabe ikasintha njira, monga chiwongolero cha minibasi yakale chimene chimayamba chasewera matayala asanamve.

Kale munthu ankakonza zimenezi ndi diso lake, atayang'anitsitsa nyenyezi imodzi pa timizere topingasa kwa maola, zala zili pa mabatani. Mu 1989 kampani ya SBIG ya ku Santa Barbara inatulutsa ST-4, kakamera kochita kokha ntchitoyo, imene amaitcha guiding, ndipo mpaka lero kabowo kolumikizira guiding pa mount kamatchedwa ST-4. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito PHD2, yaulere, yochokera pa pulogalamu imene anayamba Craig Stark. Katelesikopu kachiwiri kamajambula nyenyezi pa sekondi imodzi kapena zitatu zilizonse, ndipo ikasuntha pang'ono pulogalamu imauza mount kuti kankha pang'ono uku. Ndi kondakitala weniweni woimirira kumbuyo kwa basi m'depoti: bwera, bwera, pang'ono, ima.

Kondakitalayu ali ndi malire. Amaona cholakwika chitachitika kale. Mpweya umagwedeza nyenyezi, ndipo mukamuuza kuti akonze kagwedezeko kalikonse amayamba kukankha mount pa zinthu zimene mount sinalakwitse. Komanso guiding imagwira nyenyezi imodzi pamalo pake, koma ngati mchombo munauphonya kwambiri, chithunzi chonse chimazungulira mozungulira nyenyeziyo, ndipo za m'makona zimatulukabe zokhota.

Nyenyezi ikadutsa pamzere wa pakati pa thambo, mount ya mtundu wa Fraunhofer imayenera kutembenuzira telesikopu mbali inayo isanagunde miyendo. Kompyuta imadziwa kuchita zimenezi yokha, n'kupezanso malo ndi plate solving, koma siiona chingwe chimene chakola pa bawuti. Siionanso mame, amene kuno pa mamita oposa 1,200 amagwa msanga nyengo yozizira ndipo amaphimba galasi. Kalamba kotenthetsa galasi n'kofunika kuposa zida zina zodula. Ma mount ambiri amafuna mavoti 12, ndipo batire ikafooka mota zimadumpha kapena kulira zisanaime. Ambiri amaona kuti batire ya sola yodzaza bwino imawapatsa mtendere kuposa magetsi a m'nyumba, chifukwa magetsi akangothima kamphindi mount imaiwala pamene inali.

Zimene eni ntchitoyi sanagwirizanebe

Funso loyamba ndi lakuti kulondola kokwanira ndi kotani. Ena amati ma arcminute 5 akwanira ngati pali guiding, ena safuna kuyamba asanatsike pansi pa imodzi, ndipo alipo amene amaphonya dala pang'ono kuti Dec izikonzedwa mbali imodzi yokha, backlash isalowepo. Kwa ife funsoli lili ndi mchira wake. Mpweya umapinda kuwala n'kukweza chilichonse cha m'munsi, ndipo pa madigiri 11 umakweza ndi ma arcminute 4 kapena 5. Ndiye mount ilozedwe pa mchombo weniweni, kapena pa umene ukuoneka? Ku Ulaya kusiyanaku n'kochepa moti ambiri sakusamala. Kuno n'kofanana ndi kuphonya kumene anthu amakangana nako.

Lachiwiri ndi la magiya. Ma mount a magiya a mtundu wina otchedwa strain wave, monga AM5 ya ZWO, ndi opepuka, safuna zolemera pa katundu wochepa, ndipo zimenezi zimachotsa vuto la kugunda mwendo; koma periodic error yake ndi yaikulu ndipo amadalira guiding kotheratu. Ma mount odula okhala ndi ma encoder olondola, zida zoyeza mmene ekiselo yazungulira, amatsata thambo popanda guiding. Ndi njira iti imene idzafike pa mtengo umene mphunzitsi kapena kalabu ya sayansi ya pasukulu ingakwanitse, ndipo ikaonongeka ndani angaikonze kuno osaitumiza ku Johannesburg?

Lachitatu: popeza makamera atsopano ali ndi phokoso lochepa, kutanthauza timadontho tosokoneza chithunzi, kodi zithunzi mazanamazana za masekondi ochepa zidzalowa m'malo mwa zithunzi zazitali, polar alignment n'kusanduka luso la ochepa? Ena amati zayamba kale, ena amati zinthu zofooka kwambiri zidzafunabe mphindi zambiri. Pambali pake pali mkangano wa kabokosi kotsekedwa kogwira ntchito pompopompo ndi mapulogalamu aulere ofuna kuleza mtima, komanso wa ma setilaiti, amene achuluka chiyambire Starlink mu 2019. Kusanjikiza zithunzi kumafufuta mizere yake, koma mpaka achuluke bwanji?

Ndipo funso la m'gulu la WhatsApp lija likadalipo mwa mtundu wina. Mount inatsatadi thambo, kuwala kunafikadi pa kamera, koma pambuyo pake mapulogalamu ena amanola nyenyezi ndi kusalaza phokoso pogwiritsa ntchito AI. Ndi pati pamene chithunzi chimasiya kukhala chojambulidwa n'kukhala chopangidwa, ndipo woika chithunzi pa Facebook ayenera kuulula zingati mwa zimene anachita?